Ululuwu uli m'thupi mwanga, lekani kundiwerengera mankhwala

Dzulo masana kunabwera amayi a kumpingo kudzandizonda. Tinaimba, tinapemphera, mtima wanga unakondwa. Koma 2 koloko itakwana, mwana wanga atabweretsa botolo la morphine ndi kasirinji koyezera, mayi wina anagwira pakamwa. "Iii amayi, mukumwa zimenezi? Izitu n'zozunguza bongo, mukazolowera simudzasiya. Bwanji osangopirira, Mulungu alipo." Ndinakhala chete chifukwa cha ulemu, koma usiku wonse mtima unkangowira.

Kupirira? Mukundiphunzitsa ine kupirira? Khansa inayambira m'bere, inalowa m'mafupa a msana ndi a m'chiuno. Ndinamwa Panado, ndinamwa Brufen, ndinafika pa tramadol, ululu osasuntha. Usiku ndinkaluma chitenje kuti ana asamve ndikubuula. Kutembenuka pamphasa kunali ngati wina akukhoma msomali m'fupa. Kuchimbudzi anthu awiri ankachita kundinyamula ngati thumba la chimanga. Miyezi yonse ija ndinapirira mpaka misozi inauma, ndiye lero munthu amene mutu ukangomuwawa pang'ono amathamangira kugolosale kukagula mapiritsi akundiuza kuti ndipirire.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ululuwu simuumva inu, ndikuumva ndine. Sugona pabedi panu, umagona ndi ine. Mukatuluka pakhomo pano mukupita kukaphika, kukaseka, kukagona tulo tokoma, ine ndimatsala nawo.

Mankhwalawa sindinagule mumsewu ayi. Anandilembera ndi adokotala, mulingo wake anandiyezera ndi anamwino, ndipo dzina langa limalembedwa m'buku nthawi zonse ndikakatenga. Ndimamwa maola anayi aliwonse: 6 koloko m'mawa, 10, 2, 6 madzulo, ndipo wa 10 usiku anati ndiziwirikiza kawiri kuti ndisadzuke pakati pa usiku. Sindidikira kuti ululu uyambe, ndimaumwera pa nthawi yake, monga momwe wa shuga kapena wa BP amachitira. Nanga iwowo mumawauza kuti azolowera? A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, anaika morphine pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri, ndipo ku Tiyanjane ku Queens kapena ku Ndi Moyo ku Salima ntchito yawo ndi imeneyi, kuthandiza anthu kuti asamavutike ndi ululu. Onsewo ndi ogawa zozunguza bongo?

Ena akuti morphine ndi mankhwala a munthu woti wafa kale. Bodza! Chiyambireni kumwa ndimakhala tsonga, ndimadya phala, ndimasamba ndekha, ndimamuthandiza mdzukulu wanga ntchito ya kusukulu. Ngakhale pemphero la dzulo lija ndinalimva mpaka pa ameni chifukwa cha botolo lomwelo. Kale sindikanatha. Inde amadzimbitsa, ndimamwa mankhwala ofewetsa m'mimba ndi kudya mapapaya, ndipo masiku oyamba ndinkangosinza ndi kuchita mseru. Zimenezo ndimazidziwa ndine, ndipo ndinazisankha ndine. Zonena anthuzi mwina n'kusadziwa, mwina ndi mantha omwe tinakula nawo, koma zisandigwere ine.

Ndipo musandiikire Mulungu kutsogolo ngati ine ndinamutaya. Ndimapemphera kuposa kale. Amene anapatsa nzeru adokotala ndi yemweyo. Kubuula usiku wonse si chikhulupiriro.

Chinanso chondipweteka, bwanji mankhwalawa sapezeka pachipatala chaching'ono chapafupi? Botolo likamatha ndiyenera kukwera kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi mpaka kuboma, msana womwewu ukugunda m'maenje, ndalama ya thiransipoti yochita kukongola. Mwezi watha ndinafika, ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, kenako akuti wosunga makiyi a kabati watuluka, mubwere mawa. Mawa ndi msana uti?