Amayi aakulu anadwazika mbumba yonse popanda malipiro

Mwezi uno chakwana chaka chiikireni m'manda amayi anga aakulu kumudzi kwathu ku Dowa. Onse amene analankhula pa maliro anati malemuwo anali achifundo, ndipo sananame, koma ine ndikuona kuti mawu amenewo amaphimba ntchito yolemetsa imene dziko lino linasenzetsa amayi akumudzi popanda kuwafunsa.

Edzi inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1990 ana a m'mudzi amene anapita kukagwira ntchito ku Lilongwe ndi m'maesiteti a fodya ku Kasungu anayamba kubwerera kwawo ataonda. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, choncho ambiri amene anadwala chakacho chisanafike ankadalira manja a abale awo basi. Amayi aakulu anadwazika alongo awo, kenako mng'ono wawo, pomaliza mwana wawo wamkazi. Ankadzuka pakati pa usiku kuti atembenuze wodwala poopa zilonda za pogona, ankamwetsa phala lothira nsinjiro pang'onopang'ono munthu amene m'kamwa mwake munali zilonda, ndipo zofunda zoipitsidwa ankakachapa kudambo m'bandakucha, atavala majumbo m'manja, kuti wodwalayo asachite manyazi pamaso pa anthu opita kumunda. Wodwala akagonekedwa kuchipatala, iwo ankagona pansi pafupi ndi bedi n'kumaphika panja ndi nkhuni zimene anasenza kuchokera kumudzi, pamene munda wawo ukulowa thengo. Njala ya 2002 inawapeza ali ndi ana amasiye pakhomo, ndipo onsewo anakula.

Mpaka lero zipatala zathu sizingayende popanda odwazika matenda, chifukwa wosambitsa, wodyetsa ndi wochapira wodwala amakhala mbale wake, ndipo kawirikawiri mbaleyo amakhala mayi.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ukalamba wawo. Mphamvu zitatha, m'mudzi momwemo munayamba manong'onong'o akuti zatheka bwanji kuti iwo atsale pamene onse amene anawagwira anamwalira. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba, koma mayi amene anthu asiya kumupatsa moni pa mjigo lamulo silimufikira msanga. Ana amasiye aja, amene tsopano anali akuluakulu, ndiwo anaima nawo mpaka tsiku lomaliza.

Maganizo anga ndi akuti kudwazika matenda kuzionedwa ngati ntchito, monga tionera ulimi kapena uphunzitsi. Mtukula Pakhomo (thandizo la ndalama limene boma limapereka kwa osaukitsitsa), amene anayambira ku Mchinji mu 2006, wathandiza mabanja ambiri, koma amafikira makomo ochepa pa mudzi uliwonse. Mafumu ndi alangizi a zaumoyo amawadziwa ndi mayina amayi amene akusamalira odwala ogonera, olumala ndi agogo osayenda, ndipo sangavutike kuwalemba m'kaundula kuti azilandira sopo, magolovesi ndi kangachepe kolipira waganyu wowalimira munda pa nthawi ya dzinja.