Bungwe Likatsekedwa Silidzukanso Msanga

Pa 20 Januwale 2025, mtsogoleri wa dziko la America, a Donald Trump, adalamula kuti thandizo lomwe dzikolo limapereka ku mayiko ena liyambe laima kwa masiku 90. Masikuwo asanakwane n'komwe, nduna yoona za ubale ndi mayiko ena, a Marco Rubio, idalengeza m'mwezi wa Marichi kuti mapulogalamu 83 mwa 100 aliwonse a USAID, bungwe la boma la America lomwe linkayendetsa thandizo lopita kumayiko ena, athetsedwa, ndipo pofika pa 1 Julaye bungwelo lidasiyiratu kugwira ntchito. M'mwezi wa Febuluwale chaka chomwecho, boma la Britain nalo lidanena kuti pofika 2027 lidzakhala litachepetsa thandizo lake kuchoka pa 0.5 peresenti ya chuma chomwe dzikolo limapeza pa chaka kufika pa 0.3 peresenti. Kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikulingalira za udindo wa anthu olemera ndi mabungwe omwe amapereka ndalama mwa kufuna kwawo, monga Ford Foundation, MacArthur Foundation ndi Gates Foundation.

Tisanamizane, iwowa sangakwanitse kulowa m'malo mwa maboma. M'chaka cha 2023 USAID yokha idayendetsa ndalama zoposa madola 40 biliyoni, pamene bajeti ya 2025 ya Gates Foundation, yomwe ili m'gulu la mabungwe olemera kwambiri padziko lapansi, siidafike madola 9 biliyoni. Choncho maganizo anga ndi akuti ndalama zochepa zomwe ali nazo azigwiritse ntchito poteteza moyo wa mabungwe omwe si aboma, kuti nyengo yovutayi ikadzadutsa mabungwewo adzapezeke akadalipo.

Ndikunena izi chifukwa anthu ambiri sadziwa zomwe zimatayika bungwe likatseka zitseko. Namwino kapena loya yemwe wagwira ntchito zaka khumi ndi anthu a dera limodzi, wodziwa mayina awo ndi mavuto awo, amapita kukafuna ntchito kwina ndipo sabwereranso. Chikhulupiriro chomwe anthu adali nacho pa bungwelo chimatha, popeza amaona ngati awathawa pa nthawi ya msauko. Zikalata zolembetsera bungwe kuboma zimatha mphamvu, mabuku a ndalama amabalalika, ndipo ngakhale thandizo litabweranso patapita zaka ziwiri, ntchito imayambira pachiyambi penipeni ngati kuti sipadachitikepo kanthu.

Vuto lalikulu lili pa mmene ndalama zimaperekedwera. Opereka thandizo ambiri amakonda kulipirira pulojekiti ya chaka chimodzi, ndipo amalemberatu kuti ndalama iyi ndi yogulira zakuti, iyi ndi yochititsa maphunziro akuti, osasintha kanthu popanda chilolezo chawo. Pa zoyendetsera bungwe, monga lendi ya ofesi, malipiro a wowerengera ndalama, magetsi, intaneti ndi makompyuta, amaloleza kagawo kakang'ono, kawirikawiri 10 kapena 15 peresenti. Zotsatira zake ndi zakuti bungwe limaoneka lotanganidwa kunja pamene mkati mwake muli mbee, lilibe ndalama yosunga ngakhale yolipira antchito miyezi iwiri. Bungwe lotere likalandira kalata yoti thandizo laima, limagwa sabata yomweyo. A MacArthur Foundation atafufuza mtengo weniweni woyendetsera mabungwe omwe amawathandiza, adakweza gawo limeneli kuchoka pa 15 kufika pa 29 peresenti kuyambira mu 2020, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti kwa zaka zambiri mabungwe akhala akulipidwa moperewera pa ntchito yomwe amagwira.

Njira ina ilipo ndipo idayesedwa kale. Ford Foundation idapatula madola 1 biliyoni pa pulogalamu yake yotchedwa BUILD, yomwe imapatsa mabungwe thandizo la zaka zisanu ndi ufulu waukulu wosankha okha zofunika kuchita. Mayi MacKenzie Scott, mpondamatiki wa ku America, pofika kumapeto kwa 2024, adali atapereka ndalama zoposa madola 19 biliyoni ku mabungwe oposa 2,000 popanda kuwalamula mmene azigwiritsire ntchito. Ndikudziwa nkhawa yomwe ena ali nayo, yakuti ndalama zoperekedwa mwaufulu chotere zitha kubedwa, ndipo sindikuinyoza chifukwa kuba kumachitikadi m'mabungwe ena. Koma tiyeni tiganize bwino: bungwe lomwe lakanizidwa ndalama yolembera wowerengera ndalama waluso komanso yolipira akatswiri ofufuza mabuku ake chaka ndi chaka ndi lomwe limaberedwa mosavuta. Wofuna chilungamo pa ndalama zake ayenera kulipirira zipangizo ndi anthu oonetsetsa chilungamocho, kenako afunse lipoti limodzi lomveka bwino m'malo motopetsa antchito ndi malipoti a mwezi ndi mwezi omwe palibe amawawerenga.

Kuwonjezera pa kusowa kwa ndalama, palinso kupanikizidwa ndi andale, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga umawawa kwambiri. Dziko la Russia lidakhazikitsa lamulo mu 2012 lokakamiza mabungwe olandira thandizo lakunja omwe amachita ntchito zokhudza ndale kulembetsa ngati nthumwi za mayiko achilendo, ndipo mu Disembala 2021 khoti lidalamula kuti bungwe la Memorial, lomwe linkasunga mbiri ya anthu ozunzidwa m'nthawi ya Soviet Union, lithetsedwe. Ku Ethiopia, lamulo la 2009 lidaletsa bungwe lililonse lopeza ndalama zoposa 10 peresenti kuchokera kunja kugwira ntchito za ufulu wachibadwidwe, ndipo lidakhalapo mpaka 2019. India mu 2020 idaletsa mabungwe olandira thandizo lakunja kugawirako mabungwe anzawo, zomwe zidapweteka kwambiri timabungwe ting'onoting'ono tomwe tinkadalira akuluakulu. Georgia nayo mu 2024 idavomereza lamulo lokhudza mabungwe opeza ndalama zoposa 20 peresenti kuchokera kunja.

Zoterezi zikachitika, opereka thandizo ena amabwerera m'mbuyo mwakachetechete. Sanena kuti achita mantha, koma amangolengeza kuti asintha ndondomeko yawo, n'kusamutsira ndalama ku ntchito zomwe sizikwiyitsa aliyense. Bungwe lomwe adalilimbikitsa okha kuti lilankhule molimba mtima limatsala lokhalokha pamaso pa boma lokwiya. Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo kuzimira kwake pano kuli ndi mtengo wodziwika: kulipira maloya, kuteteza makompyuta ndi mafoni a antchito kuti zinsinsi za anthu omwe amawathandiza zisagwere m'manja olakwika, kuthandiza wantchito amene moyo wake uli pachiswe kuti achoke kaye pamalopo, komanso kulola bungwe kusintha dongosolo la ntchito popanda kudikira chilolezo miyezi itatu. Nthawi zina kuthandiza ndi kuvomera kuti dzina ndi chizindikiro cha wopereka ndalama zisaoneke paliponse, ngakhale izi zitam'chotsera ulemu womwe akadalandira. Za kulankhula poyera kapena kukhala chete, asiyireni eni bungwe kuti agamule, chifukwa iwo ndi amene adzamangidwe zinthu zikaipa.

Phunziro la ku Ethiopia ndi lakuti bungwe lodalira thumba limodzi lakunja limaphedwa ndi lamulo limodzi lokha. N'chifukwa chake ndimaona kuti wopereka thandizo wanzeru ayenera kulipirira ntchito yosaoneka yothandiza bungwe kupeza mamembala ndi anthu akufuna kwabwino m'dziko lake lomwe, ndiponso kulilola kusunga ndalama ya tsiku la tsoka m'malo moumiriza kuti yotsala ibwezedwe chaka chikatha. Mu 2016, pa msonkhano wa ku Istanbul, opereka thandizo akuluakulu adalonjeza kuti pofika 2020 gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zothandizira pa ngozi lizipita kwa mabungwe a m'mayiko okhudzidwawo, koma lonjezolo silidakwaniritsidwe, ndipo mabungwe a m'maderawa ndi omwe akuyamba kugwa lero.

Pomaliza pali funso la kuchuluka kwa ndalama zomwe zikutuluka. Lamulo la ku America limafuna kuti mabungwe opereka thandizo monga Ford Foundation azitulutsa pafupifupi 5 peresenti ya chuma chawo chaka chilichonse, ndipo ambiri amaima pomwepo ngati kuti lamulolo lidaletsa kupitirira. Mu 2020, mliri wa COVID-19 utafika povuta, Ford Foundation idakongola madola 1 biliyoni kuti iwonjezere thandizo lake, ndipo mu 2025 MacArthur Foundation idalengeza kuti ikweza zotulutsa zake kufika pa 6 peresenti kwa zaka ziwiri. Enanso angathe kuchita chimodzimodzi. Ndipo asanayitanitse msonkhano wina wokambirana ndondomeko ya zaka zisanu, ndikanakonda aliyense wa iwo atayimbira foni mkulu wa bungwe lililonse lomwe amalithandiza, n'kumufunsa kuti ndalama zolipira antchito zatsala za miyezi ingati, kenako n'kutumiza msanga gawo la thandizo lomwe likanadikira chaka chamawa.