Chinthu chikagwa kuchokera kumwamba, woyamba kufika akhale ndani?

Pa 30 Disembala 2024, cha m'ma 3 koloko masana, anthu a m'mudzi wa Mukuku m'dera la Makueni ku Kenya anamva chiphokoso chonga cha bomba. Atathamangira kutchire kumene kunamvekera, anapeza chimkombero chachitsulo chagona pansi, chitathyola zitsamba. Kukula kwake mamita 2.5 kuchoka mbali ino kufika mbali inayo, kulemera pafupifupi makilogalamu 500, ndiye kuti matumba 10 a chimanga. Chinali chotentha kwambiri moti anachita kudikira kuti chizizire. Chitazizira, anthu anayamba kuchigwira ndi kujambulitsa pomwepo, ndipo usiku amuna ena anagona pamalopo akuwotha moto, kulondera kuti ogula zitsulo zakutha asachinyamule.

Chiwerengereni nkhaniyi, funso limodzi silikundichoka m'mutu. Chitsulo chimenechi chikanagwera m'munda mwa amalume anga, anyakwawa akanaimbira ndani? Ndinayamba kufufuza mmene maiko a kuno kwathu amachitira, ndipo ndinaona kuti dziko lililonse lili ndi munthu wake amene limamutuma poyamba. Kwina ndi msilikali, kwina wapolisi, kwina mphunzitsi wa kuyunivesite.

Ku Kenya nkhani yotere ndi ya asilikali. Bungwe lawo loona za m'mlengalenga, Kenya Space Agency, linakhazikitsidwa mu 2017 ndipo lili pansi pa unduna wa zachitetezo. Amene anapita ku Mukuku anali maofesala ovala yunifolomu. Anatchinga malowo, nanyamula chitsulocho, ndipo pa 1 Januwale 2025, patangopita masiku awiri, bungweli linatulutsa chikalata chouza dziko kuti chimene chagwacho ndi mkombero wolumikiza zigawo za roketi, umene umasiyidwa m'mlengalenga roketi ikamakwera. Changu chimenechi ndimachitamanda. Chitsulo cha theka la tani sichinyamulika pa njinga ya kabaza. Chimafuna lole, anthu odziwa kumvera lamulo, ndi wina woti akanena kuti "bwererani m'mbuyo" khamu limvere. Pa zimenezi palibe woposa msilikali. Mphekesera itabuka yoti chitsulocho ndi cha dziko la India ndipo Kenya yapempha kale chipukuta misozi, bungweli linaitsutsa msanga isanamere mizu.

Koma pali pamene njirayi inaperewera. A bungwe loona za nyukiliya anadzayeza chitsulocho napeza kuti cheza chake cha nyukiliya chinali chokwererako pang'ono koma chosavulaza munthu. Nkhani yabwino imeneyo, koma inabwera anthu atachigwira kale ndi manja, ena atagona pambali pake usiku wonse. Ndipo chitsulocho chitangokwezedwa pa galimoto, mudzi unatsala ndi mafunso ake. Ena ankadandaula kuti makoma a nyumba zawo ang'ambika. Ankafuna kudziwa mwini wake kuti apepese. Akatswiri a kunja, monga Jonathan McDowell ndi Marco Langbroek, anaganizira roketi ya Ariane imene inaulutsidwa mu 2008, kampani ya Arianespace, imene imaulutsa maroketi amenewo, nayo inati chitsulocho sichikufanana ndi chawo, ndipo mkangano wonsewu unkachitikira pa intaneti m'Chingerezi, kutali ndi mayi amene khoma lake linang'ambika. Msilikali anaphunzitsidwa kusunga chinsinsi ndi kupereka lipoti kwa womuposa udindo. Kubwerera pabwalo la mfumu kukafotokoza si ntchito imene anaizolowera.

Namibia inatenga njira ina. Mu Novembala 2011, kumpoto kwa dzikolo, pamtunda wa makilomita pafupifupi 750 kuchokera ku Windhoek, anthu anamva kuphulika kangapo. Patapita masiku anapeza mpira wachitsulo wa masentimita 35, wolemera makilogalamu 6, wopangidwa ndi zigamphu ziwiri zowotcheredwa pamodzi. Pamene unagwera unakumba dzenje la mamita 3.8 m'lifupi, kenako n'kudumpha kukagona mamita 18 kuchokera padzenjepo. Anautenga ndi apolisi, ndipo amene anaufotokoza kwa atolankhani anali Paul Ludik, mkulu wa nthambi yoyeza umboni wa milandu. Anautenga ngati umboni wina uliwonse: kuuyeza, kutsimikiza kuti suphulika, kuona kuti ndi chitsulo chopangidwa ndi anthu, kenako kufunsa a NASA, bungwe la za m'mlengalenga la ku America, ndi linzake la ku Ulaya.

Ubwino wa wapolisi ndi woti ali pafupi. Munthu wa kumudzi amadziwa kumene kuli polisi, pamene kambi ya asilikali mwina sanaionepo. Komanso wapolisi anazolowera kulemba: wapeza ndani, nthawi yanji, wawonongekedwa chiyani. Pepala limenelo likhoza kuoneka lachabe tsiku loyamba, koma ndi limene limadzagwira ntchito nkhani ya chipukuta misozi ikafika. Kuipa kwake kunali kuchedwa. Mpirawo unapezeka pakati pa Novembala, dziko linadzamva Khirisimasi itayandikira, ndipo m'masabata amenewo manyuzipepala a kunja anali atautcha kale mpira wodabwitsa wa kumwamba. Chonsecho odziwa za maroketi amaizindikira mipira yotere akangoiona pachithunzi. Ndi timathanki tosungira mafuta kapena mpweya, topangidwa ndi chitsulo cholimba chimene sichisungunuka ndi moto wa polowa m'mlengalenga mwa dziko lapansi. Tina timasunga mafuta otchedwa hydrazine, poizoni woopsa amene amawotcha khungu ndi kuwononga mapapo. Apa m'pamene mwambi uja wa safunsa anadya phula umagwira ntchito ndithu, chifukwa kampira kowala koteroko mwana aliyense angafune kukatola.

Tikatsikira ku South Africa, nkhani imagwera m'manja mwa anthu a sayansi. Pa 27 Epulo 2000 zitsulo zitatu zinagwa m'chigawo cha Western Cape: chithanki choposa makilogalamu 250 pafamu ina kufupi ndi Durbanville, mpira wachitsulo kufupi ndi Worcester, ndi chidutswa cha injini kufupi ndi Robertson. Sizinatenge nthawi kudziwika kuti zinali za roketi ya ku America yotchedwa Delta II, imene inanyamula setilaiti ya GPS mu 1996 n'kutsalira m'mlengalenga zaka zinayi ikuzungulira.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi cha pa 25 Ogasiti 2024. Lamlungu m'mawa anthu a ku Eastern Cape anaona moto ukudutsa kumwamba, nyumba n'kunjenjemera. M'tauni ya Nqweba, imene kale inkatchedwa Kirkwood, mtsikana wa zaka 9 ali pakhonde kwa agogo ake anaona mwala ukugwa pafupi ndi mtengo wa mkuyu. Anautola ukadali wofunda, wakuda ndi wonyezimira kunja, mkati mwake motuwa ngati konkire, wosakwana magalamu 90. Mayunivesite atatu, Rhodes, Wits ndi Nelson Mandela, anagwirira pamodzi, ndipo pasanathe masiku 10 anaitana atolankhani, naonetsa mwalawo, mtsikanayo ali pomwepo, nafotokoza kuti ndi chiyani. Anapemphanso aliyense amene anaona kapena kumva kanthu kuti awauze. Lamulo lawo la 1999 loteteza chuma cha makolo limati mwala wochokera kumwamba ndi wa dziko lonse, sugulitsidwa kapena kutulutsidwa kunja popanda chilolezo. Mwana anatola, akuluakulu anamuyamika pagulu, ndipo aliyense woonera anaphunzira chochita akadzatola wake. Ine ndimaona kuti njira imeneyi ndiyo inasiya anthu ali odziwa zambiri kuposa mmene inawapezera.

Botswana nayo inachita chimodzimodzi mu 2018. Mwala umene unaphulika kumwamba kwawo pa 2 Juni, akatswiri a ku Arizona ku America anali atauona maola ochepa usanafike. Akatswiri a miyala a m'dzikolo ndi anzawo a kunja analowa m'nkhalango ya Central Kalahari moperekezedwa ndi alonda a nyama, napeza kachidutswa koyamba pa 23 Juni, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho anali atatola 23. Mfuti zinalipo, koma zinali zoopsezera mikango.

Wina anganene kuti ndikuyerekeza zinthu zosafanana, mwala ndi chitsulo. N'zoona, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumavutitsa nkhaniyi. Mwala ulibe mwini, umakhala wa dziko limene wagwera. Chitsulo chili ndi mwini. Pangano la maiko la 1967 limati chinthu chimene dziko laulutsa chimakhalabe chake ngakhale chitagwera kwa eni. La 1968 limati wochipeza adziwitse mlembi wamkulu wa United Nations ndi eni ake. La 1972 limati dziko limene linaulutsa lilipire chilichonse chimene chawonongeka pansi pano, popanda kufunsa ngati linalakwitsa kapena ayi. Koma wodandaula ndi boma, osati mlimi payekha, ndipo boma lili ndi chaka chimodzi chokha kuchokera pamene ngozi yachitika kapena pamene mwini wadziwika. Ndiye mukaganizira bwino, amuna aja a ku Mukuku amene anagona panja kulondera chitsulo anachita ntchito yaikulu. Chikanadulidwa n'kukasanduka mbaula ndi makasu, umboni wonse ukanathera pomwepo.

Kuti zimatheka kulipiritsa, Canada inaonetsa. Pa 24 Januwale 1978 setilaiti ya Soviet Union yotchedwa Kosmos 954, imene inkayendera mphamvu ya nyukiliya, inasweka n'kumwazikira kumpoto kwa dzikolo, cha ku nyanja ya Great Slave. Asilikali a Canada mothandizana ndi anansi awo a ku America anasakasaka dera la masikweya kilomita oposa 120,000 m'chisanu choopsa, natola zidutswa zina za cheza chopha munthu. Canada inapempha madola ake oposa 6 miliyoni, ndipo mu 1981 Soviet Union inalipira 3 miliyoni. Pa ngozi ya mtundu umenewo sindingatsutse, ndege ndi zida za asilikali n'zofunika. Koma ndalamayo inabwera chifukwa chidutswa chilichonse chinalembedwa, chinayezedwa, ndipo zotsatira zake zinaikidwa poyera.

Nanga kwathu? Tisaganize kuti kumwamba kwa Malawi kulibe zogwa. Pa 25 Januwale 1899 miyala inagwa ku Zomba. Pa 22 Januwale 1981 mwala wa makilogalamu 93 unagwa ku Machinga m'mawa dzuwa likuswa mtengo. Mu Januwale 1988 wina wachitsulo, wa makilogalamu pafupifupi 4, unagwa ku Chisenga m'boma la Chitipa. Mungowoloka malire pang'ono kulowa ku Tanzania, ku Mbozi kuli chimwala chachitsulo cha matani pafupifupi 16 chimene eni dera amachitcha Kimondo, ndipo boma linachiteteza anthu amapita kukachiona. Masiku ano masetilaiti achuluka kuposa kale lonse, a Starlink okha alipo masauzande, ndipo chokwera chilichonse chimadzatsika.

Chimene chimandiopsa kwathu kuno si chitsulocho ayi. Ndili mwana tikakhala panja usiku nyenyezi ikathothoka, agogo ankatiuza kuti tisaloze, kwinakwake kwagwa maliro. Umu ndi mmene tinakulira, ndipo nkhani za ndege ya ufiti imene yagwa pakhomo pa wina tonse tinazimvapo. Chinthu chachilendo chikagwa m'mudzi usiku, pofika m'mawa chimakhala chitapeza kale mwini, ndipo kawirikawiri mwiniyo amakhala gogo wokalamba wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kum'mwera, mpaka United Nations inachotsako antchito ake. Panalibe chitsulo, panalibe dzenje, panali mawu okha. Ndiye taganizani patakhala chimkombero chotentha chimene aliyense akuchiona ndi maso, kenako lole ya asilikali n'kubwera, kuchinyamula, n'kuchoka osalankhula ndi munthu. Tsiku lomwelo WhatsApp idzapereka yankho lake.

N'chifukwa chake ine sindingatengere Kenya yonse mmene ilili, ngakhale changu chake ndimachisirira. Woyamba kufika akhale wapolisi wa pafupi, atambasule chingwe, alembe maina a mboni ndi zowonongeka monga anachitira a ku Namibia. Asilikali a MDF abwere chinthucho chikakhala cholemera kapena chokayikitsa kuti chingaphulike. Oyeza tili nawo: nthambi ya zofufuza miyala ili ku Zomba, bungwe loona za cheza cha nyukiliya lilipo, ndipo ku MUST ndi ku yunivesite ya ku Zomba kuli anthu odziwa kusiyanitsa mwala ndi thanki. Chimene ndingatenge ku South Africa ndi tsiku lobwerera. Pasanathe sabata ziwiri, amene ananyamula chinthucho abwere ndi bwanamkubwa pabwalo la agulupu, ndi zithunzi m'manja, anene m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka kuti ichi ndi chakuti, amene munachigwira pitani kuchipatala chakuti mukapimidwe, amene denga lanu laboka tilembereni. Zomwezo zinenedwe pa wailesi ya m'deralo madzulo ake.

Amalume anga ndinawauza kale mbali yawo pamene ndinapita kumudzi. Akadzaona chitsulo chachilendo m'munda asachigwire, asachinunkhize, ana ndi mbuzi azitalikitse, ajambule ali patali, ndipo wogula zitsulo akabwera ndi sikelo yake amubweze. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anatulutsa foni yawo n'kundifunsa nambala yoti asunge. Ndinawapatsa ya wapolisi wa kumsika.