Bwanji timaombera m'manja Sabela akupsa?

Mwezi wa June ukangofika, timavidiyo ta filimu ya Sarafina! timadzaza pa Facebook ndi pa TikTok. Atsikana amavala yunifolomu yonga ya Leleti Khumalo, amene anasewera mbali ya Sarafina, n'kumavina, ndipo ndemanga zimagwa ngati mvula. Zimenezo ndilibe nazo vuto. Nyimbo za Mbongeni Ngema n'zokoma, ndipo ambiri a ife tinakula nazo. Chimene chimandiwawa ndi chimene chimachitika anthu akaonera filimu yonse pamodzi, kaya pakhomo kaya m'nyumba zoonetsera mavidiyo. Ikafika pamene ana asukulu agwira wapolisi wachikuda uja, Sabela, n'kumuthira petulo, chipinda chonse chimachita phokoso. Ena amaimirira, ena amaimba likhweru, wina kumbuyo akukuwa kuti "Muotcheni galu ameneyo!"

Abale anga, pamenepo si poombera m'manja.

Mkwiyowo ndikuumvetsa, ndipo ana a ku Soweto, ku South Africa, anali ndi zifukwa zokwanira. Lamulo la Bantu Education la mu 1953 linakonzedwa dala kuti mwana wachikuda aphunzire zongomuyenereza kukhala wantchito wa mzungu. Mu 1974 boma linawonjezera kuti masamu ndi maphunziro ena aziphunzitsidwa m'Chiafrikaans, chilankhulo chimene ngakhale aphunzitsi ambiri sankachidziwa bwino. Pa 16 June 1976 ana zikwizikwi anatuluka m'makalasi, ena kuchokera ku Morris Isaacson High School kumene kunkaphunzira mtsogoleri wawo Tsietsi Mashinini, ulendo wa ku Orlando Stadium. Apolisi anawatchingira njira, anaponya utsi wokhetsa misozi, kenako zipolopolo zenizeni. Hector Pieterson, mmodzi mwa ana amene anaphedwa, anali ndi zaka 12. Chithunzi chimene Sam Nzima anajambula, Mbuyisa Makhubo atanyamula mwanayo mlongo wa Hector akuthamanga pambali, chinazungulira dziko lonse. Komiti ya boma lomwelo la azungu inavomereza kuti pofika February 1977 anthu 575 anali atafa pa zipolowezo.

Munthu wachikuda amene ankathandiza boma lotere kuzunza ana a mtundu wake, ndani angamukonde? Sabela wa mufilimuyi ndi wankhanza, ndipo amaopseza mnyamata wina, Guitar, mpaka kumusandutsa kapirikoni woulula anzake. Palibe akunena kuti timumvere chisoni ngati wosalakwa.

Koma tayang'anani nkhope ya Sarafina pa nthawi imene motowo ukuyaka. Musayang'ane motowo, yang'anani iyeyo. Si nkhope ya munthu amene wapambana. Ndi mwana wasukulu amene m'mawa wina uja ankaimba pemphero ndi anzake pabwalo, lero waima pafupi ndi munthu amene akukuwa akupsa. Kuchokera pamenepo mtima wake supezanso mtendere. Amangidwa, azunzidwa m'ndende, amva kuti mphunzitsi wake wokondedwa Mary Masombuka wafera m'manja mwa apolisi, ndipo atatuluka atenga mfuti imene mphunzitsiyo anabisa n'kukaitaya. Darrell Roodt, amene anawongolera filimuyi mu 1992, sanaike zimenezi mwangozi. Tsankho linapha ana ndi zipolopolo, koma linachitanso china choopsa: linatenga ana ena amene anapulumuka n'kuwasenzetsa imfa ya munthu pamutu moyo wawo wonse. Tikamaombera m'manja, ndiye kuti mlandu wachiwiriwu sitinauone n'komwe.

Ndipo si nkhani yongopeka ya mufilimu. Tsiku lomwelo la 16 June gulu lokwiya linapha Dr Melville Edelstein, mzungu amene ntchito yake inali yothandiza anthu a ku Soweto komweko. Gulu likapsa mtima silifunsa dzina. Ifenso kuno timazidziwa. Munthu akangokuwiridwa kuti wakuba pamsika, kapena gogo akanamiziridwa ufiti, pamapezeka wina wothamangira tayala ndi petulo, ena atatukula mafoni kujambula. Mwana amene waona akuluakulu akusekerera Sabela akupsa waphunzira chiyani za tsiku limene adzakumane ndi gulu lotere?

Pali enanso amene amati filimu zotere n'zongotokosa mabala, zinapita zinapita. Amenewo sindigwirizana nawo m'pang'ono pomwe. Mandela anatuluka m'ndende pa 11 February 1990, filimuyi inatuluka patangopita zaka ziwiri, chisankho cha anthu onse chisanachitike mu 1994. Ambiri mwa ana a 1976 akadali moyo, ndi agogo tsopano. Ndipo ife a ku Malawi tisamaonere ngati nkhani ya eni. Boma lathu linakhazikitsa ubale ndi boma la tsankholo mu 1967, ndipo Kamuzu anakacheza kumeneko mu 1971, maiko ena a mu Africa atalikana. Ana athu ayenera kuzidziwa zimenezi.

Munthu amene ine amandigwira mtima kwambiri mufilimuyi ndi amene oonera samukumbukira kawirikawiri: mayi ake a Sarafina, mbali imene anasewera Miriam Makeba. Amagwira ntchito m'nyumba ya azungu, kulera ana a eni pamene awo akukula okha ku Soweto. Poyamba Sarafina amawaderera, amaona ngati ndi amantha ogonjera mzungu. Atadutsa m'ndende m'pamene azindikira kuti mayi amene amameza chipongwe tsiku ndi tsiku kuti ana adye ndi kupita kusukulu nayenso akumenya nkhondo. Filimu ikafika pamenepa, anthu aja amakuwa aja amayamba kucheza, ena kutuluka kukagula chiwaya, chifukwa palibe mfuti, palibe gule. Chonsecho ndi angati mwa ife amene fizi yathu inachokera kwa amayi kapena achemwali amene akukolopa m'nyumba za anthu ku Johannesburg ndi ku Cape Town? Chigawo chimenechi n'chathu kuposa china chilichonse.

Kuyambira 1991, tsiku la 16 June limakumbukiridwa mu Africa muno ngati Tsiku la Mwana wa mu Africa, chifukwa cha ana a ku Soweto omwewa. Aphunzitsi ndi makolo, ngati mukufuna kuonetsa ana okulirapo filimuyi pa tsikuli, aonetseni yonse, musamadumphire ku nyimbo zokha. Ikafika pa Sabela, iimitseni kaye. Afunseni chimene aona pa nkhope ya Sarafina, ndipo muwasiye ayankhe okha musanayankhule inu.