Wofuna kukwera polo ayambe kaye wakumba dzenje

Mwana wa achemwali anga analowa ntchito ya mawaya a magetsi ngati apprentice, zija zophunzira uli pa ntchito pomwepo, ndiye dzulo amandidandaulira kuti miyezi isanu yonseyi sanakwerepo polo olo kamodzi, iye zake nkukumba maenje, kukoka waya ndi kutumiza masipanala m'mwamba pa chingwe basi. Akuti akumudyera masuku pamutu. Ine ndamuuza kuti iwe, anthuwo akukukonda.

Abale magetsi a m'nyumba timawaopa aja ndi 230 volts m'mayiko ambiri, koma laini yopita ku thiransifoma imakhala 11,000 kapena 33,000. Imeneyo siidikira kuti uigwire, ukangoyandikira kwambiri moto umalumpha wokha kukupeza. Ndiye wa miyezi isanu akwere akatani kumeneko?

Chimene chimandiopsa kwambiri ine ndi jenereta. Laini yazimitsidwa bwinobwino, koma kwinakwake wina walumikiza jenereta yake mwachidule, magetsi aja abwerera chambuyo kudzera mu thiransifoma nkukwera mpaka masauzande pa waya amene iwe ukuti ndi wakufa. Nchifukwa chake amayeza kaye waya, kenako nkumangirira ma earth, mawaya olumikiza laini ndi nthaka, uku ndi uku asanakhudze chilichonse. M'kalasi amakuuzani zimenezi inde, koma zimakhazikika m'mutu ukamaona mdala woti wagwira ntchitoyi zaka zambirimbiri akuchitabe zomwezo tsiku ndi tsiku, mvula ikugwa, anthu ali pansi kukalipa kuti magetsi ayake msanga.

Wapansi ndi amene amaona zonse. Amaona mdala akugogoda polo m'munsi ndi hamala kuti amve ngati yafumbwa mkati, amamuona akupinda golovesi ya labala kolowetsera dzanja kuti ifufume nkuiyika kukhutu kuti amve ngati ikutuluka mpweya, poti kabowo ngati ka singano nkokwanira kupha munthu.

Maphunzirowa amatenga zaka 3 kapena 4 malo ambiri, ndalama imakhala yochepa poyamba koma ukulipidwa uku ukuphunzira, zomwe kusukulu zina kulibe. Sindikukana, alipo akapitawo ena ouma mtima ongotuma mwana osamufotokozera kanthu, amenewo akulakwa ndithu. Ndamufunsa mnyamatayo ngati wake ndi wotero, akuti ayi ukafunsa amayankha, kungoti iyeyo amachita manyazi kufunsa. Ndamuuza kuti mawa akafunse chifukwa chake ma earth amayamba kumanga mbali yapansi asanakoleke pa waya, adzandiuze yankho.