Nkhani za pa wailesi zinabadwa mu 1938, osati mu 1920

Abale anga, ophunzira utolankhani ambiri amaloweza kuti nkhani za pa wailesi zinayamba pa 2 Novembala 1920, pamene wailesi ya KDKA ya ku Pittsburgh, m'dziko la America, inaulutsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti. Tsikulo n'lalikulu ndithu, sindikukana. Koma maganizo anga ndi akuti chimene chinayamba usiku umenewo n'kuwerenga nkhani pa wailesi basi. Kutola nkhani, komwe ndiye mwini ntchito, kunabwera patapita zaka pafupifupi 18.

Taonani mmene KDKA inachitira. Kampani ya Westinghouse, eni ake a wailesiyo, inamanga kachisakasa padenga la fakitale yake ku East Pittsburgh, n'kuikamo makina otumizira mawu a mawati 100, ntchito ya injiniya wawo Frank Conrad ndi anzake. Ziwerengero za mavoti zinkachokera ku nyuzipepala ya Pittsburgh Post pa lamya, wina n'kulemba, Leo Rosenberg n'kuwerenga. Mtolankhani wa KDKA amene anapita kukaona chilichonse ndi maso panalibe. Ndipo Westinghouse inkafuna kugulitsa mawailesi, poti munthu sangagule wailesi yopanda chomvera. Anachitanso mwayi kuti Warren Harding anamusiya patali kwambiri James Cox, choncho panalibe popunthwira.

Amene anapunthwa ndi Lee de Forest, zaka zinayi m'mbuyo mwake. Pa 7 Novembala 1916, pa wailesi yake yoyeserera ya 2XG ku New York, iye anaulutsa zotsatira zimene ankalandira kuchokera ku nyuzipepala ya New York American. Asanatseke usikuwo analengeza kuti wapambana ndi Charles Evans Hughes. Vuto linali nthawi: kum'mawa kwa America kumada msanga ndi maola atatu kuyerekeza ndi ku California, ndiye mavoti oyamba kufika anali a madera okonda Hughes. California itamaliza kuwerenga patapita masiku, Woodrow Wilson anaitenga ndi mavoti osakwana 4,000, n'kukhalabe pampando. De Forest analibe njira yotsimikizira chimene wapatsidwa. Anangotenga cholakwa cha nyuzipepala n'kuchimwaza mumlengalenga.

Ku Britain zinthu zinali zomangika kuposa apo. Arthur Burrows anawerenga nkhani zoyamba za BBC pa 14 Novembala 1922, ndipo anaziwerenga kawiri, koyamba mwachangu kenako pang'onopang'ono, kuti ofuna kulemba alembe. Posakhalitsa eni nyuzipepala, poopa kuti malonda awo agwa, anaikira BBC malire: isaulutse nkhani 7 koloko madzulo isanakwane, ndipo nkhanizo izigula ku mabungwe ogulitsa nkhani monga Reuters ndi Press Association. Chingwechi chinamasukako mu Meyi 1926, pa sitalaka yaikulu ya masiku 9 imene inaimitsa nyuzipepala zambiri. BBC inkaulutsa nkhani kasanu patsiku, anthu n'kumaunjikana pamene pali wailesi. Komatu sitalaka yomweyo inaonetsanso kufooka kwake, chifukwa boma linaipanikiza mpaka mtsogoleri wa chipani chotsutsa, Ramsay MacDonald, anakanizidwa kuyankhula. Ndipo pa 18 Epulo 1930, Lachisanu Loyera, woulutsa anauza omvera kuti kulibe nkhani, n'kuika nyimbo za piyano. Nyumba youlutsira mawu yokhala ndi atolankhani ake m'misewu singanene zimenezo.

Ku America mkangano womwewu unafika pa pangano la ku hotela ya Biltmore mu Disembala 1933. CBS, imodzi mwa makampani aakulu a wailesi ku America, inavomera kuthetsa bungwe lake lotola nkhani limene Paul White anali atangolikhazikitsa. M'malo mwake mawailesi ankapatsidwa nkhani kawiri patsiku, mphindi zisanu zisanu, zam'mawa zisaulutsidwe 9:30 isanakwane, zamadzulo 9 koloko isanakwane, ndipo nkhani iliyonse isapitirire mawu 30. Amene mwagwirapo ntchito m'situdiyo mukudziwa kuti woulutsa wa Chingerezi amawerenga mawu pafupifupi 150 pa mphindi. Mawu 30 ndi masekondi 12. M'masekondi 12 mungatchule chimene chachitika ndi malo ake, koma osati chifukwa chake, ndipo eni nyuzipepala ankafuna zomwezo: womvera alawe, kenako akagule nyuzipepala. Panganolo silinakhalitse. Mawailesi oima paokha sanalisainire, bungwe la Transradio linayamba kuwagulitsa nkhani mu 1934, ndipo mu 1935 United Press nayo inayamba kugulitsa nkhani ku mawailesi.

Tsopano tibwere pa Malichi 1938, pamene pali mtima wanga.

Edward R. Murrow sanatumidwe ku Ulaya ngati mtolankhani. Ntchito yake ku CBS inali yokonza kuti anthu otchuka ayankhule pa wailesi ndi kuti makwaya aimbe. Asilikali a Hitler akulowa m'dziko la Austria, iye anali ku Warsaw kukonza pulogalamu ya kwaya ya ana. Mnzake William L. Shirer anali mu Vienna mwenimweni, anaona zonse, koma a Nazi atalanda nyumba youlutsira mawu anamukaniza maikolofoni. Nkhani anali nayo, potulutsira panalibe. Shirer anakwera ndege kupita ku London kuti akayankhulire kumeneko, Murrow n'kuchita hayala ndege yonse kuti akafike ku Vienna.

Lamlungu pa 13 Malichi, CBS ku New York inapempha chinthu chimene inali isanachitepo: atolankhani a m'mizinda ingapo ya ku Ulaya ayankhule motsatizana m'pulogalamu imodzi, pompopompo. Nthawi yake inali 8 koloko madzulo ku New York, kutanthauza 1 koloko usiku ku London, ndipo Shirer anali ndi maola pafupifupi 8 okonzekera. Kuti mumvetse kulemera kwake, tsatani njira ya mawu. Mumzinda uliwonse pankafunika situdiyo, munthu wodziwa nkhani, chilolezo cha eni makina, ndi waya wa lamya wotenga mawu kukafika pa makina a shortwave amphamvu zoolotsa mawu nyanja ya Atlantic. Kutsidyako mawuwo ankalandiridwa n'kutumizidwanso pa waya kukafika ku situdiyo ya New York. Shortwave imadalira mlengalenga wakumwamba umene umabweza mafunde pansi, ndipo umasintha ndi usana, usiku ndi mphamvu ya dzuwa, n'chifukwa chake mawu amakwera n'kuzilala. Mtolankhani akalephera kumva New York, chomuthandiza chinali wotchi yokha: kuyamba pa mphindi imene anagwirizana n'kumaliza pa mphindi yake, osadziwa ngati akumveka. Akachedwa pang'ono, alowerera nthawi ya mzinda wotsatira.

Robert Trout ndiye ankalumikiza onse ali ku New York. Shirer anayankhula ali ku London pamodzi ndi phungu Ellen Wilkinson, Edgar Ansel Mowrer ku Paris, Pierre Huss ku Berlin, Murrow ku Vienna. Ku Rome zinakanika, makina otumizira mawu sanapezeke m'nthawi yake, ndiye Frank Gervasi anapereka lipoti lake pa lamya, Shirer n'kuliwerenga ku London. Inde, Mowrer, Huss ndi Gervasi anali obwerekedwa ku nyuzipepala ndi mabungwe ogulitsa nkhani, ndipo Max Jordan wa NBC, kampani ya wailesi yopikisana ndi CBS, anali atawatsogolera kale kuulutsa kuchokera ku Vienna. Ngakhale ku BBC, Richard Dimbleby anali atafotokoza kale moto wa Crystal Palace pa lamya mu 1936. Zonsezi n'zoona. Koma usiku wa pa 13 Malichi ndi pamene zigawo zonse zinakumana: woulutsa mmodzi pakati, mboni zoona ndi maso m'malo osiyanasiyana, nthawi yoyezedwa bwino. Mu Seputembala chaka chomwecho, pa mkangano wa Munich, pamene Hitler ankafuna kulanda gawo la dziko la Czechoslovakia, njira imeneyi inagwira ntchito masiku 18, woulutsa wa CBS H. V. Kaltenborn akugona pa kabedi m'situdiyo kuti azifotokoza lipoti lililonse likangofika.

Kwathu kuno mbiri yake inatsata njira yoyamba ija, yongowerenga nkhani zimene wapatsidwa. Wailesi ya ku Lusaka inayamba mu 1941, nkhondo ili mkati, ndipo kenako inakhala Central African Broadcasting Station, yomveka ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, Chinyanja chili chimodzi mwa zilankhulo zake. Mu 1949 Harry Franklin ndi kampani ya Ever Ready anabweretsa kawailesi ka batire kooneka ngati sefuliya, kogulidwa mapaundi 5, ndipo makolo athu ambiri anayamba kumva nkhani m'chilankhulo chawo kudzera mwa iko. Oulutsa aluso analipo, monga Alick Nkhata. Koma wailesiyo inali m'manja mwa nthambi yofalitsa nkhani ya boma la atsamunda. Itafika nkhani ya chitaganya cha 1953 chogwirizanitsa maiko atatuwa, chimene anthu akuda ambiri ankachikana, omvera anaitaya chikhulupiriro, mpaka mphekesera zinafala zoti oulutsa ake ndi anamapopa.