Tenti yokagonera kuphiri musaigule ndi maso okha

Masiku ano achinyamata ambiri a mu Blantyre akukonda kukwera mapiri, ndipo Loweruka lililonse pa Facebook pamadzaza zithunzi za ku Michiru, ku Soche ndi ku Ndirande. Zimenezi zimandikondweretsa kwambiri. Koma kwa amene akufuna kupitirira apo, n'kukagona usiku ku Mulanje kapena pamwamba pa phiri la Zomba, ndikupempha kuti nkhani ya tenti muiganizire mofatsa, chifukwa ambiri timagula potengeka ndi kuwala kwa nsalu ndi kutsika kwa mtengo.

Ineyo ndinagwa m'mbuna yomweyo. Ndinagula tenti ya nsalu imodzi m'sitolo ina ku Limbe, ndipo m'mwezi wa Juni ine ndi mnzanga tinakagona pa Zomba. Dzuwa linalowa kumwamba kuli mbee, koma pakati pa usiku chiperoni chinafika, mphepo yozizira ija yochokera cha ku Mozambique yomwe imabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Ndinadzidzimuka bulangete litanyowa kumiyendo. Nditayatsa tochi ndinapeza kuti denga silinang'ambike paliponse, koma madontho anali atandandalika mkati mwa nsalu ngati pa chivundikiro cha poto wa mpunga. Madziwo anali mpweya wathu womwe, umene unkagunda nsalu yozizira n'kusanduka madontho, ndipo mphepo ikagwedeza tenti ankatigwera kumaso.

Kuyambira tsiku limenelo ndimanena mosabisa kuti tenti ya kuno kwathu iyenera kukhala ya nsalu ziwiri. Yamkati ikhale yopepuka ndi yolowetsa mpweya, yakunja ikhale yotchinga mvula ndipo ifike pafupi ndi pansi, ndipo pakati pake pakhale mpata woti chinyezi chizitulukira. Pa chikwama cha tenti yabwino pamalembedwa nambala ya mamilimita yosonyeza mphamvu ya nsalu pokana madzi. Ya 1,500 mm ingapirire mvula wamba, koma wopita kuphiri asankhe ya 3,000 mm kapena kuposapo, makamaka pa nsalu yapansi, poti thupi likaitsindika pa dothi lonyowa madzi amalowa mosavuta. Tembenuzaninso nsaluyo muone misoko. Ngati mkati mwa msoko mulibe kalamba koonekera komatira mabowo a singano, dziwani kuti madzi adzadutsira pomwepo.

Timitengo toimitsira tenti nato n'tofunika kutiyang'ana. Ta fibreglass (pulasitiki wolimbitsidwa ndi tiulusi ta galasi) n'totchipa, koma tikapindika kwambiri ndi mphepo timang'aluka n'kusiya timinga tolasa m'manja, pomwe ta aluminiyamu n'topepuka ndipo timapirira. Kulemera kwa katundu kumamveka bwino munthu ukayamba chitunda kuchokera pa Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, ndipo pa phiri limene nsonga yake, Sapitwa, ili mamita 3,002, mphepo siichedwa kusintha. N'zoona kuti pa Mulanje pali tinyumba togonamo monga ku Chambe, ku Lichenya ndi ku Thuchila, koma si ulendo uliwonse umene umathera pa khomo la kanyumba.

Wopita kunyanja, ku Liwonde kapena ku Majete vuto lake ndi lina, kutentha ndi udzudzu. Kumeneko neti ya pakhomo ndi m'mazenera ikhale yosang'ambika ndipo zipi izitsekeka mpaka kumapeto, chifukwa kabowo kolowa chala n'kokwanira kukupatsani malungo. Nambala ya anthu yolembedwa pa chikwama musaikhulupirire kwenikweni. Tenti ya anthu awiri imakwanadi awiri ogona mothithikana opanda katundu, choncho ngati muli awiri gulani ya atatu.

Kwa ine tenti yolimba ya pa kaunjika imaposa yatsopano yosalimba, bola mupale mkati mwa nsalu ndi chikhadabo n'kuona kuti utoto wotchinga madzi sukukanganuka kapena kunanda. Mukafika nayo kunyumba, imangeni pabwalo musanapite kulikonse, muwerenge zikhomo ndi zingwe, kenaka mwana alowe mkati inu muthire ndowa ziwiri za madzi pamwamba, iye akuuzeni pamene pakudontha. Ndipo kaya kuzizire bwanji, mbaula isalowe m'tenti, chifukwa makala oyaka m'malo otsekeka amatulutsa mpweya wosanunkha umene umapha munthu ali m'tulo.